Ngati Ali Moyo Ayankhule

Lolemba, 5 Meyi

Sindinawabise bambo. Ndilembe pano, poti kwina kulikonse sindingathe kunena. Anadzibisa okha, ndi dzanja lawo, ine ndili pakhonde. Ndipo sanafe. Ali apa, akhala pabedi, akulimbana ndi batani la shati.

Zoti ndinawatsekera penapake kuti ndidye nyumba, anayambitsa ndi azakhali. Zoti ndinawatumiza kunja kwa dziko, mwini wake sindikumudziwa. Zoti anamwalira mwezi watha, ine n'kuwaika mwakachetechete ngati galu, zatuluka dzulo pa masamba a mchezo, pamodzi ndi chithunzi chawo chakale chija cha jekete yoyera. Pansi pake anthu akulira. Ena akunditukwana. Wina walemba kuti "mwana wake uja analephera ku yunivesite." Sindinalephere. Ndinasiya. Wolembayo sindikukhulupirira kuti geti la yunivesite analionapo.

Khansa ya pammero. Munthu amene wakhala akudzutsa anthu pawailesi kuyambira ndisanabadwe, a Dzukani eni ake, lero mawu awo ndi kamphepo kotuluka pa chubu cha pakhosi. Amalemba pa kabolodi koyera, amafufuta ndi mkono wa shati. Tsiku limene anagonekedwa analemba kuti: "Asadziwe munthu. Ngakhale mlongo wanga." Chipatala chinamva. Chipatala chino chimamva wodwala. Wodikirira wodwala ndi mpando chabe.

Chipinda cha kumapeto kwa khonde. Pachitseko palibe dzina, nambala yokha. Zenera likuyang'ana khoma la kochapira. Pakhomapo pali mpope wodontha, ndipo ndiwo kanema wathu.

Pageti atolankhani awiri kapena atatu tsiku lililonse, atsamira galimoto, akutafuna chingamu. Sakudziwa kuti ali muno. Akungonunkhiza, monga akuchitira pa zipatala zina zonse. Ine ndimalowa nditavala chophimba kukamwa ndi mpango mpaka m'maso, ngati ndikudzaba.

Lachiwiri, 6 Meyi

Wabweranso mayi wa ku ofesi yoyankha atolankhani. Ndinamupatsa kale dzina: Mayi Sitingatsimikize. Nsapato zosalira, kumwetulira koyeza ndi supuni. Mtolankhani aliyense akaimba kufunsa za bambo, iye amakwera masitepe kudzawauza. Aliyense. Ngakhale yankho akulidziwa. Amati munthu amasintha maganizo, kukana kwa dzulo si kwa lero.

Asanayambe, ine kunja. "Achemwali, tipatseniko mpata." Ine amene ndimapukuta chubu, ine amene ndimataya zotuluka mmenemo. Akuti wodwala amamufunsa ali yekha, chifukwa pamaso pa abale munthu amavomera zimene sakufuna. Ndinaima pakhonde ngati mlendo wofika nthawi yolakwika. Atatuluka sanandiuze kanthu. Panalibe chifukwa. Kabolodi kanali kasanafufutidwe: AYI, zilembo zikuluzikulu.

Masana ndinamutsatira ku ofesi kwake. Kachipinda ka pansi pa masitepe. Ketulo, duwa lofota, foni yosapuma. Ndili pomwepo inalira, n'kuliranso, nyimbo yake imodzimodzi: "Sitingatsimikize kapena kukana kuti munthu ameneyo ali kuno." Amayankha choncho ngakhale kwa ofunsa za munthu amene sanapondepo pano, kuti yankho lisamasiyane, wina angawerenge kanthu pa kusiyanako. Ndivomereze, n'zochenjera.

Ndinati, mayi, sindikupempha zambiri. Mungonena kuti ali moyo. Mawu awiri.

Yankho lake ndalisunga: "Tikanena kuti ali moyo, tanena kuti ali kuno. Tikanena kuti ali kuno, tatchula matenda. Chino n'chipatala cha khansa, dzina lili pageti, achemwali."

Ndinatuluka. Kusowa choyankha kumandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Sopo watha. Mabatire a wailesi ya bambo atha. Iwo akufunsa za mabatire.

Lachinayi, 8 Meyi

Tsiku la makamera. A wailesi ya kanema abwera kudzajambula makina atsopano owotchera zotupa. Chipatala nacho chimafuna kuoneka, chimangosankha mbali yoonetsa.

Kuyambira m'mawa kukonzeka ngati kukubwera apongozi. Mayina a pa bolodi la manesi aphimbidwa ndi mapepala. Mafayilo agonekedwa chafufumimba. Makatani atsekedwa. Odwala amene anavomera kujambulidwa awaika mbali imodzi: amayi awiri, ndi mkulu wina wokonda kuyankhula amene wamanga tayi pamwamba pa zovala za chipatala. Ena onse, zitseko zotseka. Wojambula sayenda yekha. Mayi Sitingatsimikize ali pambali pake ngati mthunzi, kamera ikangotembenukira kolakwika, chikhatho chake chafika kale pagalasi. Akamaliza amaonera zonse asanatuluke nazo pageti. Ndamva kuti chaka chatha anafufutitsa chidutswa chonse chifukwa kumbuyo kunkaoneka chikwama cha wodwala chokhala ndi dzina la sukulu imene amaphunzitsa.

Ine anandipempha kuti ndisatuluke m'chipinda mpaka atapita. Nkhope yanga nayonso ndi nkhani tsopano. Woiona adziwa kuti a Dzukani ali pafupi. Ndiye ndakhala, chikhodzodzo chodzaza, ndikusuzumira pa mpata wa chitseko.

Ndipo wagwira maikolofoni ndani? Mnyamata amene tinkamutcha Wamagalasi. Tinali kalasi imodzi, maphunziro a utolankhani. Munthu amene sankasiyanitsa mutu wa nkhani ndi mchira wake, ankabwera ndi mabisiketi kuti ndimuwongolere ziganizo. Lero suti, mafuta onunkhira mpaka kumapeto kwa khonde. Anaima pafupi ndi chitseko chathu akukonza tayi, akubwereza chiganizo chake choyamba. Cholakwika. Anabwerezanso. Cholakwikabe. Lilime linandiyabwa.

Bambo anamumva ali pabedi. Analemba: "Amapuma pakati pa liwu. Anamulemba ntchito ndani?" Tinaseka, ine ndi mawu otsitsa, iwo ndi mapewa. Kenako anatsokomola mpaka nesi anabwera ndi makina okokera makhololo.

Lachisanu, 9 Meyi

Bambo amawalembera azakhali uthenga pafoni m'mawa uliwonse: "Ndili bwino, usadandaule." Azakhali amayankha ine, osati iwo: "Mwana iwe, ndikudziwa kuti ukulemba ndiwe. Ngati ali moyo ayankhule." Kenako amaimba. Foni imalira pabedi, imanjenjemera pa bulangete, bambo amangoiyang'ana mpaka itatopa. Anthu onse amawadziwa ndi chinthu chimodzi, ndipo n'chomwecho chimene palibe.

Ndinati ndiwajambule bambo chithunzi, tiwatumizire azakhali. Anakoka bulangete mpaka pachibwano. Thupi latha, khosi lili ndi chibowo. Komanso chithunzi sichigona mufoni ya azakhali. Chikafika m'mawa, masana chili kumpingo konse.

Lero afika pano. Akuzungulira zipatala, chimodzichimodzi. Ndinawaona ndili pa masitepe, aima pa tebulo lofikira alendo, chikwama chawo chakuda achikumbatira pachifuwa. Mayi wa pa tebulo anayang'ana pa kompyuta, n'kunena modekha kuti alibe uthenga uliwonse wa dzina limenelo. Sananame. Mu kompyuta bambo ali ndi dzina lina, lowapatsa chipatala, loti eni ake amaliiwala akamaitanidwa.

Azakhali anaima kanthawi. Aonda. Akutsimphina mwendo wa kumanzere, zimene sindinkadziwa. Amayi atamwalira, ndi iwo amene anandisambitsa ngati khanda nditakana kudzuka pabedi. Ndikanangotsika masitepe. Ndikanangoti, azakhali, tiyeni.

Ndinabwerera chammbuyo. Ndinakalira kochapira, pakati pa nsalu za anthu ena.

Loweruka, 10 Meyi

Kochapira ndiko nyuzipepala yeniyeni ya chipatala chino, ndipo Mayi Sitingatsimikize alibeko mphamvu. Amayi awiri odikirira odwala, wina wamfupi wa mawu ngati belu, wina wamtali wovomereza chilichonse. Nkhani: mwana wa a Dzukani.

Wamfupi akuti anawathirira mankhwala mu tiyi. Akuti ana ophunzira theka ndiwo oopsa, ophunzira zonse amakhala ndi manyazi. Wamtali: "Eeh, zoona." Akuti mtsikanayo anamuonapo, ndi wamaso ouma, sapereka moni. Wamtali: "Amaoneka." Kenako wamfupi anatembenukira kwa ine, thovu mpaka m'zigongono: "Nanga inu asisi, mwangoti zii, mukuti bwanji?"

Ndinati ndamva kuti ndi wamwano kwambiri. Anakondwa. Anandibwereka sopo.

Mwamuna wa wamfupiyo ali ndi khansa ya m'matumbo, ndipo kwawo anawauza kuti ali ku maphunziro a ntchito. Anandiuza yekha, motsitsa mawu, n'kuti ndisauze munthu.

Lamulungu, 11 Meyi

Wailesi yayamba kubwereza mapulogalamu awo akale. Sakunena kuti anamwalira, ali ndi maloya. Akungoti "tikukumbukira". Tsiku lonse mawu a bambo m'chipinda muno, onenepa, ofunda, akuwerenga moni wa omvera, akuseka. Eni ake ali chete, wailesi pachifuwa, milomo ikutsatira liwu lililonse. Anthu akuimba foni kulira. Mayi wina akuti anabereka mwana wake woyamba akumvera a Dzukani. Bwana wa wailesiyo, amene anawapumitsa ntchito mawu atangoyamba kusasa, akuti anali ngati bambo ake.

Ndinkaganiza kuti ziwakwiyitsa. Ayi. Nkhope kuwala. Analemba: "Wamva? Munthu ameneyu anali katswiri."

Ndinati, adadi, akukuikani m'manda muli moyo, ndipo ine akundikwirira pamodzi nanu. Lolani mayi uja alembe mzere umodzi.

Analoza wailesi, n'kulemba: "Amene akumukonda ndi uyo. Uyu asamuone."

Pamenepo ndinaphulika. Ndinawakumbutsa za amayi. Chaka chimene ndinasiya sukulu kudzawasamalira, bambo ankapita ku wailesi m'mawa uliwonse kukauza aliyense mmene mkazi wawo wagonera, zimene wasanza, zimene dokotala wanena. Omvera ankalira, ankatumiza maluwa, ankawatama kuti mwamuna wachikondi. Amayi ankamva zonsezo ali pabedi, nkhope kukhoma. Kumsika anthu osawadziwa ankandifunsa za chiberekero cha amayi anga ndikusankha tomato. Ndani anatulutsa abale panja n'kuwafunsa amayi ali okha? Ndinafunsa zimenezo. Mokweza. Nesi anasuzumira.

Anagwira cholembera nthawi yaitali. Ndinadikira. Analemba "Ndi", anafufuta. Anakweza wailesi.

Kukangana ndi munthu wopanda mawu: umapambana nthawi zonse, n'kutuluka ukudzimva ngati wamenya mwana.

Lachiwiri, 13 Meyi

Wamagalasi wandipeza pa sitolo ya mankhwala ya kuseri kwa msika. Akuti mwangozi. Munthu wa suti pamzere wa mankhwala a chifuwa. Mpango sunandithandize, akuti kayendedwe kanga sangakaiwale.

"Mnzanga, watha bwanji chonchi?" Ndiwo moni. Kenako zokoma. Akufuna kundithandiza, dzina langa laipa, iye angaliyeretse tsiku limodzi. Ndingomuuza kumene ali. Kapena ndilembe ndekha nkhaniyo, dzina langa pamwamba, iye akaipereka kwa mkonzi wawo ndi manja awiri. "Unkatiposa tonse, iwe. Ukungowola." Amadziwa pobaya.

Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti chiganizo chake cha Lachinayi chinali chopunduka. Ndinaluma lilime. Akanadziwa kumene ndinachimvera.

Ndinamuuza kuti zipi ya thalauza lake ndi yotsegula. Sinali. Poyang'ana pansi, ine ndakwera basi. Ndinatsika malo olakwika dala, ndinayenda njira yozungulira, ndinalowa m'chipatala kudzera geti la magalimoto a zinyalala. Mwana wa munthu wotchuka.

Ndinakamuuza Mayi Sitingatsimikize, ndikuganiza kuti andiopseza. Ayi. "Inu si wantchito wathu, achemwali. Lamulo limamanga ife. Pakamwa ndi panu." Anangolemba kuti auze alonda za geti lija.

Ndiye chitseko n'chotsegula. Chakhala chotsegula nthawi yonseyi. Akanachikhoma, ndikanakhala ndi womuda.

Dzina langa pamwamba pa nkhani. Ndakhala ndikuliona tsiku lonse, zilembo zake ndi zonse.

Lachitatu, 14 Meyi

Wantchito wina wa ku ofesi ya mabilu anatsegula fayilo ya bambo popanda chifukwa. Kompyuta imasunga dzina la aliyense wotsegula. Amuimitsa ntchito. Akuti ankangofuna kudziwa ngati ndi iwodi, anawaona pa njinga ya odwala, amawakonda kuyambira ali mwana. Mayi Sitingatsimikize ndi mkulu wa manesi anabwera kudzapepesa, manja kumbuyo. Bambo analemba: "Musamuchotse." N'kuwongola kolala. Ngakhale pobisala amakonda kufunidwa.

Kwa ine palibe wapepesa. Mwini wa shopu yotayipa kumene ndimagwira ganyu watumiza uthenga: ndiyambe ndapuma, makasitomala akuyankhula. Makasitomala amene ndimawalembera makalata ofunsira ntchito, osadziwa kuti kalata imayamba ndi tsiku. Mankhwala ena timagula tokha. Sindinawauze bambo.

Tsitsi likuthothoka. Langa, osati la wodwala.

Loweruka, 17 Meyi

Azakhali anapita kupolisi. Apolisi anandiimbira dzulo, ine ndinawapatsa nambala ya Mayi Sitingatsimikize. Ngakhale iwo anadikira pansi mpaka bambo atafunsidwa. Anavomera mmodzi yekha, wopanda foni. Wapolisi wamkazi, wathupi, analowa atakwinya nkhope ngati wandigwira kale. Atawaona anavula chipewa. Anawafunsa mafunso ali okha, ine pakhonde monga mwa masiku onse. Potuluka, maso ofiira. Anandigwira paphewa: "Limba mtima, mwana wanga." Kwa azakhali akanena zochepa: apezeka, ali moyo, sakufuna kuti kumene ali kudziwike.

Ndinaganiza kuti zatha. Ndinadya mpaka kukhuta, koyamba mwezi uno.

M'mawa uno: azakhali akuti apolisi ndawadyetsa. Ndi chiyani, sopo wobwereka? Nyuzipepala ina yalemba mutu wakuti apolisi akukana kuulula. Ndipo azakhali asamukira kunyumba kwathu ndi ana awo aamuna, akuti akulondera katundu wa mlongo wawo. Woyandikana nafe wandiuza kuti akugona pabedi langa, ndipo mabuku anga a ku yunivesite awaunjika pakhonde kuti apeze malo a sutikesi.

Ndawauza bambo zonse, ndi za ganyu zomwe. Atseka maso. Akudziwa. Si kuti sakudziwa.

Lolemba, 19 Meyi

Dokotala: opaleshoni Lachitatu. Achotsa kholingo lonse. Kamphepo kamene katsalako kapita nalo. Pambuyo pake masiku angapo ku chipinda cha odwala mwakayakaya, atagonekedwa ndi mankhwala. Anajambula pa pepala. Bambo anayang'ana ngati mapu a dziko la eni.

Kenako Mayi Sitingatsimikize. Pa masiku amene bambo sadzatha kuyankha, pafunika munthu woyankha atolankhani m'malo mwawo. Anawafunsa ali okha. Atandiitana, kabolodi kanali kakuyang'ana kuchitseko: "A Mkonzi." Ndilo dzina limene anandipatsa ndili wamng'ono, ndikamawadikira pakhomo kuti ndiwauze liwu limene alakwitsa pawailesi.

Mayi uja anawafunsanso, ine ndili pomwepo, ngati akufuna kusiya malangizo oti zonse zikhale monga kale. Akanatha. Mzere umodzi, ine womangidwa manja. Anapukusa mutu. Analemba: "Adzaona yekha."

Ndinati, adadi, mukudziwa chimene ndidzachite mukangogona.

Anakweza mapewa. N'kundipatsa lezala kuti ndiwamete.

Nkhani yokapereka kwa atolankhani ndalemba kale. Ndime zitatu, zoyera, zopanda liwu lowonjezera. Papita nthawi ndisanalembe chinthu chabwino chonchi. Dzanja silinaiwale.

Lachiwiri, 20 Meyi

Ndinati tijambule mawu amene atsalawo, tiwatumizire azakhali, mawa kudzakhala kulibe. Ndinadabwa, anavomera. Anakhala tsonga, anakonza mapewa monga ankachitira patsogolo pa maikolofoni, anatseka chubu ndi chala. Dzina la mlongo wawo, ndi mawu ena awiri amene ngakhale ine sindinawamve.

Anati ndiwaseweretsere. Ngati tayala likuphwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu chopendekera, monga amamvetserera ana a ntchito atsopano. Anatenga foni m'manja mwanga, anafufuta okha.

Sindinakangane nawo. Ndinawadula zikhadabo.

Lachitatu, 21 Meyi

Awatenga m'mawa. Liwu lomaliza la a Dzukani, chala pa chubu, khutu langa pakamwa pawo: "Masokosi." Mapazi anali atazizira. Ndinawaveka. Nesi anawavulanso pakhomo la fiyeta, n'kundipatsa m'manja.

Benchi. Khoma. Benchi. Madzulo dokotala: chotupa chachoka, koma magazi anavuta. Sawadzutsa msanga.

Chipinda cha kumapeto achipereka kwa wina. Katundu wathu m'matumba, pansi pa benchi.

Lachisanu, 23 Meyi

Sanadzuke. Akuti zimachitika, akuti tidikire. Amandilola kulowa pang'ono. Makina akupuma m'malo mwawo. Kukamwa kuli yasa, ndevu zayamba kale kumera, zoyera. Munthu wamng'ono kwambiri pakati pa mapaipi. Zala za dzanja lamanja zimagwedera pa nsalu.

Mayi Sitingatsimikize wandiitana ku ofesi. Anatulutsa mnzake amene ankakopa mapepala, anatseka chitseko. Ine ndekha. Anandiwerengera zopempha: nyuzipepala, wailesi ija, Wamagalasi. Wamagalasi akuti sakufuna nkhope, ngakhale dzanja lokha, ngakhale mapazi. Mayiyo anati palibe changu, ndipo chimene ndinganene achita, sawonjezera, sachotsa.

Ndinatulutsa pepala langa. Ndinaliwerenga mumtima komaliza, monga anatiphunzitsira, kufunsa kuti nkhaniyi ndi ya ndani. Mwana wawo wakhala nawo usana ndi usiku. Mwana wawo sanabise kanthu. Mwana wawo anasiya zonse. Ziganizo zabwino. Bambo akupezeka kamodzi, mu ndime yachiwiri, atanyamula dzina la matenda awo.

Ndinapinda pepalalo. Ndinafunsa ngati akadzuka adzafunsidwanso okha. Anati inde, tsiku lomwelo akadzatha kugwira cholembera. Ndinafunsa, nanga akapanda kudzuka? Anati ndiye mudzakhalabe inu.

Ndinati, ayankheni monga kale.

Sananditame. Zikomo kuti sanatero, ndikanamulavulira. Anangolemba, n'kunyamula foni.

Masana ndinakwera basi kupita kunyumba, kukasamba ndi kutenga zovala zina. Azakhali asintha loko.